Manja Ophunzira Mfuti Loweruka

Kamodzi pa mwezi, Loweruka m'mamawa, anthu zikwizikwi a ku Poland amavala yunifolomu yamawangamawanga, kumanga majombo, n'kulunjika kukampu ya asilikali ya m'dera lawo. Pakati pa sabata anthu amenewa ndi aphunzitsi, anamwino, alimi, ogulitsa m'sitolo ndi ophunzira a ku yunivesite. Kukampuko amakhalako masiku awiri. Lamulungu madzulo amabweza mfuti kosungira zida, ndipo kukacha Lolemba aliyense amabwerera ku ntchito yake. Gulu lawoli limatchedwa Wojska Obrony Terytorialnej, mwachidule WOT, ndipo ndi nthambi ya asilikali oteteza dera lomwe iwo eni amakhala. Linakhazikitsidwa pa 1 Januwale 2017, kuyambira m'zigawo za kum'mawa kwa dzikolo, ku Białystok, Lublin ndi Rzeszów, kufupi ndi malire a Belarus ndi Ukraine. Lero lili ndi asilikali oposa 30,000, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse ndi wamkazi.

Mtsikana wolowa gululi amayamba ndi maphunziro a masiku 16 osapita kwawo. Akamaliza amalumbira, ndipo m'pamene moyo wa kumapeto kwa sabata umayamba. Amaphunzira kumasula mfuti ya Grot, yopangidwa ku fakitale ya mumzinda wa Radom, kuipukuta ndi kuimanganso mofulumira. Amakwawa m'matope ndi chikwama kumsana. Amaphunzira kupeza njira m'nkhalango ndi mapu ndi kampasi, kumanga lamba pamwendo wa mnzake wovulala kuti magazi aleke kutuluka, ndi kulondera usiku m'nyengo yomwe madzi amauma m'ndowa chifukwa cha kuzizira. Mawu a lumbiro lake ndi olemera. Amalonjeza kutumikira dziko mokhulupirika, kuteteza ufulu wake ndi malire ake, ndi kusaumira magazi kapena moyo wake ngati pafunika kutero. Kumapeto kwa lumbiroli kuli mawu opempha thandizo la Mulungu, ndipo lamulo limalola amene safuna kuwatchula kuti awasiye.

Ambiri amawatchula. Poland ndi dziko lomwe anthu ochuluka anabatizidwa mu mpingo wa Katolika, ndipo asilikali ake ali ndi episkopi wawowawo kuyambira 1991, pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri, mwana wa dziko lomwelo, anabwezeretsa dayosizi ya asilikali. Choncho mtsikana uja atha kukhala Loweruka lonse akuwombera chandamale, n'kugwada pa Misa Lamulungu m'mawa pabwalo lomwelo, mapewa akadali kuwawa ndi kugunda kwa mfuti. Manja amene dzulo ankaphunzira kulasa pachifuwa pa munthu ndi omwewo akupinda lero popemphera. Kodi munthu wopembedza Mulungu amene analetsa kupha angathe kuthera masiku ake opuma akuphunzira kupha bwino, n'kukhala ndi mtima woyera?

Chifukwa chimene atsikanawa amalowera sichovuta kuchimvetsa. Pa 24 Febuluwale 2022 Russia inalowa mu Ukraine ndi akasinja, ndipo m'milungu yochepa amayi ndi ana mamiliyoni anadutsa pa malire, ambiri mwa iwo pa Medyka ndi pa siteshoni ya sitima ya Przemyśl, akuthawira ku Poland. Asilikali a WOT ndi ena mwa amene ankawalandira, kuwanyamulira katundu ndi kuwapatsa tiyi. Kumapeto kwa Malichi asilikali a Russia atachoka m'tauni ya Bucha, pafupi ndi Kyiv, anthu anapeza mitembo yoposa 400, ina itamangidwa manja kumbuyo. Akatswiri a bungwe la United Nations analemba za amayi ndi atsikana amene anagwiriridwa m'madera olandidwa. Mu Novembala chaka chomwecho mzinga unagwa m'mudzi wa Przewodów, m'kati mwa Poland, n'kupha anthu awiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Boma litayambitsa maphunziro a tsiku limodzi a Loweruka mu Okutobala 2022, oti munthu wamba aliyense akaphunzire kugwira mfuti, kuvala chigoba choteteza ku mpweya wapoizoni ndi kuthandiza ovulala, malo ankatha msanga, ndipo akazi anali ambiri pamizere.

Atsikana a ku Poland sanayambe lero kuchita perete. Mu 1928 kunakhazikitsidwa bungwe lophunzitsa akazi zausilikali, Przysposobienie Wojskowe Kobiet, lomwe linkasonkhanitsa atsikana akaweruka kusukulu ndi patchuthi n'kumawaphunzitsa kuwombera, kutumiza mauthenga ndi kusamala ovulala. Mmodzi mwa iwo anali Elżbieta Zawacka, wobadwira ku Toruń mu 1909, amene anaphunzira masamu ku yunivesite ya Poznań n'kukhala mphunzitsi. Nthawi yake yopuma ankaithera ku bungweli, mpaka anakhala mlangizi wa anzake. Germany itaukira Poland mu Seputembala 1939, maphunziro aja anasanduka moyo wake weniweni. Anakhala mthenga wachinsinsi wa gulu lankhondo lobisala la Armia Krajowa, akuwoloka malire ndi mapepala achinyengo. Mu 1943 anadutsa Germany ndi France, kukwera mapiri a Pyrenees, kudutsa Spain mpaka kukafika ku London ndi uthenga wa akuluakulu ake. Mu Seputembala chaka chomwecho anabwerera kwawo polumpha pa ndege ndi palachuti usiku, mkazi yekhayo pa gulu la anthu 316 otumidwa mwa njira imeneyo. Anamenya nawo nkhondo ya kuwukira kwa mzinda wa Warsaw mu 1944. Nkhondo itatha boma lachikomyunizimu linamumanga mu 1951 n'kumugamula zaka 10, ndipo anatuluka mu 1955. Anapatsidwa udindo wa jenerale mu 2006, ali ndi zaka 97, namwalira mu 2009.

Mtsikana wa WOT amakula akumva mbiri zotere, ndipo gulu lake limadzitcha wolowa m'malo mwa Armia Krajowa. Munthu amene agogo ake anaona Warsaw atasanduka phulusa sungamuuze mophweka kuti kuphunzira mfuti n'kusowa chikhulupiriro.

Komabe funsoli ndi lakale kwambiri kuposa Poland, ndipo mkangano wake waukulu unachitikira kuno ku Africa. Cha m'ma 211, Tertullian wa ku Carthage, komwe lero ndi Tunisia, analemba moikira kumbuyo msilikali wachikhristu amene anakana kuvala nkhata ya masamba pa mwambo wolemekeza mfumu ya Roma. Maganizo ake anali akuti Yesu atalanda Petro lupanga m'munda muja, anavula lamba wa nkhondo msilikali aliyense. Mu 295, m'tauni ya Theveste, yomwe lero ndi Tébessa ku Algeria, mnyamata wa zaka 21 dzina lake Maximilian anabweretsedwa kwa bwanamkubwa Dion kuti amuyeze msinkhu n'kumulemba usilikali. Iye anakana, nati ndi Mkhristu ndipo sangathe. Bwanamkubwayo anamukumbutsa kuti ngakhale pakati pa alonda a mafumu pali Akhristu. Mnyamatayo anayankha kuti iwowo akudziwa chowayenera, koma iye sangachite. Anamudula mutu tsiku lomwelo. Patapita zaka zitatu, ku Tangier, mkulu wa asilikali dzina lake Marcellus anaphedwanso atataya lamba ndi zida zake pamaso pa anthu.

Patadutsa zaka zoposa 100, Mwafrika wina anayankha mosiyana. Augustine, episkopi wa ku Hippo, analembera kalata Boniface, mkulu wa asilikali a Roma ku Africa, kumuuza kuti asaganize kuti munthu wa nkhondo sangakondweretse Mulungu. Anamukumbutsa za Davide, za Korneliyo, ndi za asilikali amene anapita kwa Yohane M'batizi, omwe sanauzidwe kuti asiye ntchito koma kuti aleke kulanda ndi kunamizira anthu. Chodabwitsa n'chakuti Augustine yemweyo sankavomereza kuti munthu wamba aphe pofuna kupulumutsa moyo wake wokha. Chimene ankalola ndi kuteteza ena. Mphunzitsi wake, Ambrose wa ku Milan, anaphunzitsa kuti woona mnzake akuchitidwa chipongwe, ali ndi mphamvu yoletsa koma osaletsa, ali ndi mlandu ngati wochita chipongweyo. Augustine anamwalira mu 430 mzinda wake utazingidwa ndi ankhondo a mtundu wa Vandal, kotero sankalankhula za chinthu chakutali. Pambuyo pake Thomas Aquinas anasanja maganizowa kuti nkhondo imaloledwa ngati yalamulidwa ndi olamulira ovomerezeka, pa chifukwa cholungama, ndi cholinga chabwino. Katekisimu wa mpingo wa Katolika wa 1992 anasunga chiphunzitsochi, nawonjeza kuti boma lipatse njira ina yotumikira dziko anthu amene chikumbumtima chawo chikukana zida.

Mpingo womwewo umalemekeza Maximilian ngati woyera, n'kumalemekezanso Augustine. Sunafafanize mmodzi kuti winayo atsale. Pali nzeru pamenepa, pakuti onse awiri anaona chinthu choona. Mtsikana amene waona zithunzi za ku Bucha n'kunena kuti iye sadzakhala chilili mng'ono wake akukokeredwa kuseri kwa nyumba, akuyankhula ndi chikondi, ndipo sayenera kuimbidwa mlandu. Mnzake wa m'kalasi amene wakana mfuti n'kusankha kukhala namwino akuyankhulanso ndi chikondi. Vuto lenileni lili pena, ndipo anthu ophunzira zaumulungu salilabadira mokwanira chifukwa ambiri mwa iwo sanaimepo pa perete. Vutoli ndi zimene maphunziro a usilikali amachita m'thupi ndi mumtima mwa munthu, nkhondo isanabwere n'komwe.

Cholinga cha kubwerezabwereza konse kuja n'chakuti manja azichita ntchito mutu usanaganize. Monga mmene dzanja la mayi wophika nsima limadziwira lokha nthawi yothira ufa iye akucheza ndi alendo, msilikali amafunika kuti mfuti ikakanirira, zala zake ziikonze zokha, mumdima, ali ndi mantha. Zimenezi n'zofunika, ndipo zimapulumutsa moyo. Lamba woletsa magazi uja ayenera kumangidwa m'masekondi ochepa, ndipo womanga akayamba kulingalira, mnzake wapita. Koma njira yomweyo ndi imene imaphunzitsa chala kukoka mfuti. Mu 1947 wolemba mbiri ya asilikali a ku America, S. L. A. Marshall, anafalitsa buku lonena kuti pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse asilikali ochuluka oyenda pansi sankawombera adani ngakhale ali pakati pa moto, ndipo owombera sankapitirira mmodzi mwa anayi. Akatswiri ena anadzatsutsa kwambiri mmene anapezera ziwerengerozo. Ngakhale zili choncho, akuluakulu a asilikali anamumvera, ndipo anasintha kaphunzitsidwe. M'malo mwa chandamale cha mizere yozungulira chokhomedwa pa thabwa, anabweretsa chooneka ngati munthu, chotulukira mwadzidzidzi ndi kugwa chikalasidwa. Msilikali amawombera, chithunzicho chimagwa, mlangizi amamuyamikira, ndipo amabwerezanso. Kukayika kumene munthu amabadwa nako poloza mfuti pa mnzake kumaperesedwa pang'onopang'ono.

Aristotle anaphunzitsa kuti khalidwe la munthu limaumbidwa ndi zimene amachita mobwerezabwereza. Munthu amasanduka wolimba mtima pochita zolimba mtima, wachilungamo pochita zachilungamo. Ngati zimenezi n'zoona, ndiye kuti chisankho chachikulu cha mtsikana uja sichidzachitika pa tsiku la nkhondo. Pa tsikulo sipadzakhala mpata wosankha. Chisankhocho chikuchitika tsopano, Loweruka lililonse la kukampu, pamene akulola thupi lake kuphunzira kumvera mawu a sajeni msanga kuposa mmene limamvera mawu a mumtima mwake.

Ndipo kumverako n'kokoma, chimene anthu osadziwa sachiyembekezera. Wolemba mbiri William McNeill, amene anaguba nawo ali msilikali mu 1941, anakumbukira moyo wake wonse chisangalalo chachilendo chimene ankamva poponda pansi nthawi imodzi ndi anzake, ngati kuti thupi lake lakula n'kukhala gulu lonse, ndipo mu 1995 analemba buku lathunthu pa nkhaniyi. Ife kuno sitifunika buku kuti tizimvetse. Beni wa kum'mwera kwa nyanja, malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda wa m'chigawo chapakati anachokera ku perete ndi mabandi a asilikali a nthawi ya atsamunda, ndipo aliyense amene anaonerapo amuna atavala zoyera akutembenuka pamodzi mluzu ukalira amadziwa mmene mtima umanyamukira. Mtsikana wa ku Lublin amapeza zomwezo m'matope a kukampu. Amapeza anzake amene anagawana naye madzi omaliza m'botolo, amene anamunyamulira chikwama bondo litatupa. Ubale umenewu ndi wabwino, ndipo ambiri amanena kuti ndi umene umawabweza mwezi ndi mwezi. Koma ubale womwewo ndi umene umachititsa kuti kukana kukhale kowawa. Kukana lamulo la mkulu n'kotheka. Kutuluka pa mzere anzako onse akukuyang'ana, anthu amene unagona nawo m'dzenje limodzi, n'kovuta kwambiri.

Wina anganene kuti palibe choti akane, popeza akuphunzira kuteteza kwawo kwa wowukira. Apa m'pamene mbiri ya WOT yomwe ikutiphunzitsa kanthu. Wolumbira sasankha kumene adzatumidwe. Mu 2020 asilikaliwa anatumidwa kukathandiza m'zipatala ndi kuperekera chakudya kwa okalamba pa mliri wa Covid-19. Mu Seputembala 2024 anali m'madzi ndi m'matope ku Kłodzko ndi Nysa, akupulumutsa anthu pa kusefukira kwa mitsinje, monga mmene asilikali athu anachitira ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe pa namondwe wa Freddy mu 2023. Imeneyo ndi ntchito yomwe palibe wansembe angaikayikire. Koma mu 2021 anatumidwa kwina.

Chaka chimenecho boma la Alexander Lukashenko ku Belarus linayamba kukopa anthu ochokera ku Iraq, Syria, Afghanistan ndi mayiko ena a mu Africa, monga Congo, Cameroon ndi Somalia, kuti afike ku Minsk pa ndege, kenako n'kuwakankhira ku malire a Poland pofuna kubwezera zilango za European Union. Poland inatseka njira. Pa 2 Seputembala 2021 inalengeza lamulo la nthawi ya ngozi m'dera la malire, ndipo atolankhani ndi mabungwe othandiza anthu analetsedwa kulowamo. Pafupi ndi mudzi wa Usnarz Górny, anthu 32 a ku Afghanistan anakhala milungu yambiri pa kamtunda, kutsogolo kuli asilikali a Poland, kumbuyo kuli a Belarus. Ena ankazembera m'nkhalango ya Białowieża ndi m'madambo ake, n'kugwidwa, kubwezedwa kuseri kwa waya, n'kukankhidwanso ndi a Belarus. Dzinja litafika anthu anayamba kufa ndi chisanu, ndipo amene afa kuyambira nthawi imeneyo ndi makumi ambiri. Asilamu a mtundu wa Tatar a m'mudzi wa Bohoniki, amene akhala ku Poland zaka mazana ambiri, anaika ena mwa malirowo m'manda awo. Anthu ena a m'midzi ya m'malire ankayatsa nyale yobiriwira pawindo, chizindikiro chakuti pakhomopo wothawa angapeze msuzi wotentha ndi zovala zouma. Mu 2022 boma linamaliza mpanda wachitsulo wotalika makilomita 186, msinkhu wake mamita 5.5.

Asilikali a WOT anali m'gulu la olondera malire amenewo. Mtsikana amene anaphunzira mfuti akuganiza za akasinja a Russia anapezeka ataima usiku m'nkhalango, ndipo wobwera mumdima anali mayi wa ku Kurdistan ndi mwana kumsana. Nkhaniyi siyophweka mbali zonse. Zoti Lukashenko ankagwiritsa ntchito anthu ovutika ngati chida n'zoona. Zoti olondera ankagendedwa miyala n'zoona, ndipo mu Juni 2024 msilikali wachinyamata wa Poland anamwalira atabayidwa ndi mpeni kudzera pa mpanda uja. Mwezi wotsatira nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lochepetsa milandu ya asilikali owombera pa malire, ndipo mabungwe oona za ufulu wa anthu anadandaula kwambiri. Koma chiphunzitso cha Augustine ndi Aquinas chinakonzedwa poganizira wankhondo wobwera ndi lupanga. Sichimuuza mtsikanayu chochita akalamulidwa kubweza munthu wonyowa ndi wanjala ku nkhalango komwe angakafe usiku womwewo. Pamenepo chotsala ndi chikumbumtima chake, ndipo chikumbumtimacho sichinachite perete ndi kamodzi komwe.

Amalawi akuluakulu akudziwa mmene gulu loyamba ndi cholinga chabwino limatembenukira. Malawi Young Pioneers inayamba mu 1963, mothandizidwa ndi alangizi a ku Israel, ndipo anyamata ndi atsikana ankaphunzira ulimi wamakono, ukalipentala ndi mwambo, kwinaku akuguba. Ambiri amene anadutsamo amayamikirabe luso limene anapeza. Koma gululi linkayankha kwa chipani ndi kwa mtsogoleri mmodzi, linapatsidwa zida, ndipo linasanduka chikwapu. A Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makhadi a chipani, anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kuthamangitsidwa ndi achinyamata a chipani pamodzi ndi apayoniya, ndipo mu 1972 zikwi zambiri zinathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique. Omenyawo anali ana a m'midzi momwemo, ambiri obatizidwa, amene ankaimba nawo kwaya. Mphamvu za gululo zinatha mu Disembala 1993 pamene asilikali a boma analilanda zida pa ntchito ya Bwezani, apayoniya atapha asilikali ku Mzuzu. WOT si apayoniya, ndipo kuwafanizira kotheratu kungakhale kunama. Koma pamene inkakhazikitsidwa, otsutsa boma ku Poland anadandaula kuti inaikidwa m'manja mwa nduna ya zachitetezo, Antoni Macierewicz, m'malo mwa akuluakulu a asilikali, ndipo ankaopa kuti idzakhala gulu la chipani. Mantha awo anali ndi pochokera. Mu Disembala 1970 asilikali ndi apolisi a Poland anawombera antchito a dziko lawo lomwe ku Gdańsk, Gdynia ndi Szczecin, ndipo anafa anthu oposa 40.

Malamulo a Poland amanena kuti msilikali wokana lamulo lomuuza kupalamula mlandu alibe mlandu wa kusamvera. Katekisimu uja amanenanso kuti kumvera kwa m'chimbulimbuli sikumasula munthu amene wachita nawo zoipa pa nkhondo. Zonsezi zili pa pepala. Koma kumasula mfuti amakubwereza kambirimbiri, pamene za kukana amazimva kamodzi m'kalasi, atatopa, maso atalemera ndi tulo. Apa mpingo uli ndi ngongole. N'kosavuta kwa wansembe kuwaza madzi odalitsa pa mbendera ya gulu ndi kulalikira za kukonda dziko. Ntchito yovuta, imene iyenera kuchitika, ndi kukhala pansi ndi asilikali achinyamatawa n'kuwayesa ndi mafunso enieni, mobwerezabwereza monga amachitira sajeni. Ukapeza mwana wa zaka zisanu kuseri kwa waya utani? Mkulu wako akakuuza kuti usalembe zimene waona utani? Anzako onse akavomera, iwe utani?

Mpingo wakale unkadziwa kuti magazi amalemera ngakhale pa nkhondo yololedwa. Basil wa ku Caesarea, m'zaka za m'ma 300, analangiza kuti msilikali amene wapha pa nkhondo ayambe wakhala zaka zitatu osalandira mgonero. Itatha nkhondo ya Hastings mu 1066, maepiskopi analamula asilikali opambana, amene anamenya ndi mbendera yodalitsidwa ndi Papa, kuti alape chaka chimodzi pa munthu aliyense amene anamupha. Sankawatcha zigawenga. Ankangozindikira kuti munthu wotere wavulala m'kati ndipo afunika nthawi yochira asanabwerere pakati pa anzake. Dokotala wa matenda a maganizo Jonathan Shay, amene anagwira ntchito zaka zambiri ndi asilikali obwera ku Vietnam, anapeza zofanana. Ambiri mwa odwala ake sankazunzika ndi mantha okha ayi. Chinkawadya ndi kukumbukira kuti analamulidwa kuchita chinthu chomwe ankadziwa kuti n'choipa, ndi munthu amene ankamukhulupirira, ndipo anachichita.

Kuphunzira usilikali sikutseka maso a aliyense. Franz Jägerstätter, mlimi wa m'mudzi wa St. Radegund ku Austria, anachita nawo maphunziro a asilikali a Hitler mu 1940 ndi 1941, ndipo zimene anaona kumeneko zinalimbitsa maganizo ake akuti nkhondoyo ndi yoipa. Ataitanidwanso mu 1943 anakana kumenya nkhondo, ngakhale episkopi wa ku Linz anamulangiza kuti aganizire mkazi wake ndi ana ake aakazi atatu. Anapempha kuti akhale wosamala ovulala koma sanamumvere. Anaphedwa pa 9 Ogasiti 1943, ndipo mpingo unamutcha wodala mu 2007. Iye sankanena kuti usilikali wonse ndi tchimo. Anakana nkhondo imeneyo, ya boma limenelo, ndipo anatha kusiyanitsa chifukwa anali atazolowera kufunsa mtima wake tsiku ndi tsiku.

Dziko limene linayesa kuika kufunsa kotere m'maphunziro enieni a asilikali ndi Germany, chifukwa cha zimene asilikali ake anachita ku Poland ndi kwina. Gulu lankhondo latsopano litakhazikitsidwa mu 1955, linatenga mfundo yakuti msilikali ndi nzika yovala yunifolomu, yosavula chikumbumtima povala chisoti. Ku Koblenz kuli sukulu yapadera yophunzitsa atsogoleri a asilikali zimenezi. Chaka ndi chaka pa 20 Julayi asilikali atsopano amalumbira ku Berlin pokumbukira akuluakulu a nkhondo amene anayesa kupha Hitler pa tsikulo mu 1944, kutanthauza kuti anthu amene amawaikira ngati chitsanzo ndi ophwanya lumbiro. Mu 2003 Major Florian Pfaff, Mkatolika, anakana kupitiriza ntchito ya pakompyuta imene ankaona kuti ingathandize nkhondo ya ku Iraq. Anamutsitsa udindo. Mu 2005 khoti lalikulu la ku Leipzig linagamula kuti ufulu wa chikumbumtima sutha munthu akalowa usilikali, ndipo linamumasula pa mlanduwo.

Msilikali wa kumapeto kwa sabata ali ndi mwayi umene msilikali wa nthawi zonse alibe, ndipo akuluakulu ake ndi abusa ake ayenera kuugwiritsa ntchito. Masiku ochuluka a mwezi amakhala kunja kwa mpanda wa kampu. Amaphunzitsa m'kalasi momwe muli ana othawa ku Kharkiv, amagula buledi kwa mayi amene mwina ndi mmodzi mwa oyatsa nyale yobiriwira, amadya ndi bambo ake amene akukumbukira akasinja a boma lawo lomwe ali m'misewu mu Disembala 1981. Anthu onsewa ali ndi ufulu womufunsa zimene anachita ku malire sabata yatha, ndipo iye ayenera kukhala ndi yankho loti angalinene pa tebulo mayi ake akumva.